Kukumbukira mwana amene anapita ndi khansa ya m'mafupa: mafunso ndi mayankho

Mwana wa mlongo wanga anatisiya ali ndi zaka 16, ali Giredi 10, atadwala khansa ya m'mafupa kwa chaka ndi miyezi ingapo. Pokhala malume wake, buku la chipepeso linali m'manja mwanga pasiwa paja. Maliro atatha panatsala kangachepe, ndipo banja linagwirizana kuti kakhale poyambira kathumba kothandizira ana ena odwala khansa kuno ku Chipata ndi m'midzi yozungulira. Chiyambireni, anthu amandiimitsa kutchalitchi, ku Kapata, ngakhale pafoni usiku. Ena amafuna kuponyamo, ena amafuna kuchita zomwezi pokumbukira mwana wawo, enanso amangofuna kumva za matendawa. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera.

Kodi khansa ya m'mafupa ndi matenda otani?

Ndi chotupa chimene chimayambira m'fupa mwenimwenimo. Mwa achinyamata muli mitundu iwiri yopezekapezeka: osteosarcoma, imene inagwira mwana wathu, ndi Ewing sarcoma. Osteosarcoma imakonda msinkhu uja mwana akusinkhuka mofulumira, thalauza la yunifomu n'kumafupika temu iliyonse. Imakondanso malo amene fupa likukula kwambiri, makamaka cham'bondo, ndi pamkono pafupi ndi phewa. Ewing imatha kuyambiranso m'chiuno, m'nthiti kapena pakati pa fupa lalitali. Zonse ziwiri zikachedwa kugwidwa zimathamangira kumapapo, n'chifukwa chake adokotala amajambula chifuwa ngakhale mwana akudandaula bondo.

Sipatsirana. Mutha kudya naye mbale imodzi, kufunda naye bulangete limodzi. Ndikunena izi chifukwa makolo ena analetsa ana awo kubwera kudzamuona, ndipo iye ankadziwa chifukwa chake.

Munayamba kuona chiyani?

Mnyamatayu anali wampira. Bondo lakumanzere litayamba kuwawa, tonse tinati wabinya, amake n'kumamuthowa ndi madzi otentha. Kukiliniki ina anamupatsa panado ndi bandeji. Anabwererako katatu, katatu konse panado. Pofika tsiku lomujambula X-ray n'kuti patapita miyezi isanu, bondo litatupa ngati dzungu laling'ono.

Wobinya amapeza bwino pakatha milungu iwiri kapena itatu. Choopsa ndi ululu wokhazikika pamalo amodzi, wosamva kupuma, womudzutsa mwana pakati pa usiku. Kenaka pamabwera chotupa cholimba, kutsimphina, ndipo nthawi zina fupa limangothyoka mwana asanagwe n'komwe kugwa kwenikweni. Mukaona zotere, musabwerere kunyumba ndi mapiritsi okha. Nenani mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti, "Adokotala, papita mwezi, sakugona usiku, chonde amujambule." Ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete ndi ku Mwami amajambula mafupa. Chithunzi chikakayikitsa, amatenga kanyama ka pachotupapo kukayeza, ndipo ndi pokhapo pamene matendawa amatsimikizika.

Mpira sunayambitse matendawa. Kugundidwa pabwalo kunangoulula chimene chinali kale m'fupamo. Mnzake amene anamutchera mwendo tsiku lija anadziimba mlandu kwa miyezi, mpaka ndinachita kupita kwawo kukamufotokozera.

Anthu ena akuti anaponda mankhwala. Inu mukuti bwanji?

Ifenso tinaganiza choncho. Mwana wanzeru m'kalasi, wodziwa mpira, mwendo n'kungotupa popanda bala, pamudzi sipalephera kutchulidwa munthu. Mbuzi imene inapita kwa sing'anga ndinapereka ndine. Anamutema mphini pachotupa pomwepo, tinataya milungu isanu ndi umodzi, ndipo panatsala pang'ono kuti tidane ndi agogo ena osalakwa.

Choncho sindiseka banja limene layamba kwa sing'anga kapena kumapemphero a kuphiri. Chimene timawauza n'chakuti pempherani, koma tsiku la kuchipatala lisaphonyeke, ndipo pachotupa pasafike lumo. Matenda omwewa amagwira ana ku India, ku Canada, ku Brazil, msinkhu womwewu, bondo lomweli.

Bwanji simunamumangire chiliza chooneka?

Chiliza chilipo, chasimenti, dzina ndi zaka zake zinalembedwa. Alamu anga, bambo ake a mwanayo, ankafuna chamwala wonyezimira, ndipo tinakambirana usiku wonse. Amene anadula nkhani ndi amake. Anati, "Achimwene, mwala uja ndi matikiti angati a ku Lusaka?" Palibe anayankha.

Sindikunyoza amene amamanga ziliza zikuluzikulu. Aliyense amalira m'njira yake. Kungoti ife tinali titaona ndi maso ana akusiya mankhwala pakati chifukwa cha ndalama ya basi.

Nanga ndalama zimene mumasonkhetsa zimagwira ntchito yanji?

Yaikulu ndi msewu. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road: Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, kutsetserekera pamlatho wa Luangwa, kukwera mapiri aja, mpaka Chongwe. Basi imanyamuka m'bandakucha n'kukafika masana kapena madzulo. Wochokera ku Lundazi, Chama kapena Vubwi amakhala atayenda kale ulendo wina asanaione basi ya ku Lusaka. Chithandizo chachikulu cha khansa chili kumeneko, ku Cancer Diseases Hospital imene inatsegulidwa mu 2007, ndi kuchipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH) pafupi pomwepo.

Ulendowo si umodzi. Pa osteosarcoma mwana amayamba walandira mankhwala a m'diripi, aja a kemo, kwa milungu ingapo. Kenaka opaleshoni yochotsa chotupa, kenaka kemo inanso. Zonse pamodzi zimadutsa miyezi 6, nthawi zina kuyandikira chaka. Pakati pake amakutulutsani kuti mudzabwerenso tsiku lakutilakuti. Ulendo woyamba banja limagulitsa mbuzi. Wachiwiri njinga. Wachitatu matumba a chimanga amene anali a ndiwo ndi nsima mpaka Malichi. Wachinayi mwana akuoneka ngati wapeza bwino, tsitsi layamba kumera, mvula yagwa, munda ukufuna khasu, ndiye amake amati, "Tipita mwezi wamawa." Mwezi wamawawo chotupa chimakhala chitabwerera.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 padziko lonse amapezeka ndi khansa. M'mayiko olemera oposa 80 mwa 100 alionse amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka safika 30. Pa zifukwa zimene bungweli limatchula pali kufika mochedwa ndi kusiya mankhwala pakati. Mu 2018 linayambitsa ntchito yofuna kuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 azichira, ndipo Zambia ili m'gulu la mayiko amene anayambirako. Za makina ndi mankhwala ndi za boma ndi mabungwe akuluakulu. Ife kathumba kathu sikangagule makina. Kangagule tikiti.

Ndiye timagula matikiti a anthu awiri, wodwala ndi womudwazika, kupita ndi kubwera, mipando iwiri yoyandikana kuti mwendo wotupa upeze potambasukira. Zikatsala timaonjezera ufa, nyemba, nshawa zosinja, sopo, ndowa, bulangete la m'miyezi yozizira, ndodo zoyendera, ndi tokotaimu yoti mayi azimva za ana amene wawasiya kumudzi. Za tokotaimuzi ena amaseka. Amene sanagonepo miyezi iwiri pansi pa bedi lachipatala, kutali ndi kwawo, ndi amene amaseka.

Kodi chipatala cha boma si chaulere? Nanga NHIMA?

Zambiri za m'chipatala boma limalipira, ndipo NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, imathandiza amene analembetsa. Timalimbikitsa banja lililonse kulembetsa ndi kusunga bwino kalata yotumizira wodwala, chifukwa popanda kalatayo ku Lusaka mumangozungulira. Koma khadi la NHIMA simungamuonetse kondakitala, ndipo silidyetsa wodwazika.

Ndilibe ndalama. Ndingapereke chiyani?

Magazi. Kemo imapha maselo a khansa, koma imagwetsanso magazi, ndipo mwana akakhala ndi magazi ochepa tsiku lolandira mankhwala limasunthidwa. Mwana wathu anaikidwa magazi a anthu amene sitidzawadziwa. A Zambia National Blood Transfusion Service amalandira magazi kwa munthu wathanzi kuyambira zaka 16, wolemera makilogalamu 50 kupita m'mwamba. Ambiri opereka ndi ana asukulu, choncho masukulu akatseka magazi amachepa. Inu akuluakulu, Epulo, Ogasiti ndi Disembala ndi miyezi yanu.

Pali meda ya nshawa, thini ya chimanga, nkhuku. Timagulitsa kapena kupereka momwemo. Pali khasu: azimayi a chigwirizano anakapalira munda wa mayi wina amene anali ku Lusaka ndi mwana mu Januwale, ndipo banjalo linakolola. Kunena zoona, pa zonse zimene tachitapo, chimenechi n'chimene ndimachinyadira kwambiri, ndipo sichinadye ngwee.

Ngati muli ndi m'bale ku Lusaka, kaya ku Kabwata, Chilenje, Kalingalinga kapena Mtendere, mufunseni ngati angakachingamire mayi ndi mwana pasiteshoni ya basi ya Intercity n'kuwaperekeza kuchipatala. Munthu amene sanafikepo mu Lusaka, ali ndi mwana wosayenda, thumba la ufa pamutu, anyamata onyamula katundu akumukokera uku ndi uku, amafuna nkhope imodzi yolankhula chakwawo.

Ifenso tataya mwana. Tiyambitse bungwe lathu kapena tipereke ku mabungwe omwe alipo?

Pepani ndi zovutazo. Langizo langa n'lakuti musathamange. M'miyezi yoyamba mtima umafuna kuchita chinthu chachikulu, ndipo achibale amalonjeza zambiri pamaliro zimene pofika pometa amakhala ataiwala. Bungwe lolembetsedwa, kaya kwa Registrar of Societies kapena ku PACRA, limafuna malamulo olembedwa, komiti, akaunti ya kubanki ndi malipoti a chaka ndi chaka. Zimenezi n'zabwino, koma zimafuna anthu amene adzakhale alipobe chaka chachitatu, misozi itauma.

Njira yapafupi ndi kupereka, m'dzina la mwana wanu, kwa amene ali kale pantchitoyi. Ku Lusaka kuli Kayula Childhood Cancer Foundation, imene nayonso inabadwa pokumbukira mwana amene anamwalira ndi khansa, ndipo imasunga ana ochokera kutali ndi owadwazika pa nthawi yolandira mankhwala. Kulinso Zambian Cancer Society. Kapena pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, mufunse wa Social Welfare kapena sisitala wa kuwodi ya ana. Iwowo ndi amene amadziwa banja limene lagwira kalata ya ku Lusaka kwa milungu itatu osanyamuka.

Ife tinasankha pakatikati. Kathumba kathu kali pansi pa mpingo, ndipo sitinakapatse dzina lalitali. Akatolika angachite chimodzimodzi kumphakati, ena kugulu la chilimba kapena la banki ya m'mudzi.

Tingadziwe bwanji kuti ndalama zathu sizidyedwa?

Funsoli musachite nalo manyazi, ndipo amene akwiya mukamufunsa, bwezani ndalama yanu m'thumba.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga. Miyezi iwiri yoyamba anthu ankatumiza pa nambala yanga, momwemo mmene mumalowa ndalama zanga za fetereza. Sindinabe, koma atandifunsa kuti zatsala zingati, ndinakhala usiku wonse ndikuwerenga mameseji, ndipo K150 sindinaipeze komwe inalowera. Ndinabweza kuchokera m'thumba langa. Kuyambira pamenepo pali nambala yakeyake ya kathumbaka, foni imakhala ndi msungichuma amene si wa m'banja mwathu, ndipo ndalama situluka popanda anthu atatu a nyumba zosiyana kuvomereza. Tikiti timakagula tokha kusiteshoni n'kumata lisiti m'buku. Si kuti timakayikira makolo. Kungoti ndalama ikalowa m'nyumba ya njala, imapeza ntchito ina basi isanafike. Miyezi itatu iliyonse buku limawerengedwa poyera mapemphero akatha, ndipo aliyense angalitsegule.

Chenjeraninso ndi zithunzi zoyenda pa Facebook ndi WhatsApp, mwana wotupa mwendo ndi nambala ya Airtel Money kapena MoMo pansi pake. Zina n'zoona, zina ndi za mwana amene anamwalira kalekale kudziko lina. Funsani kuti ali wodi iti, chipatala chiti, ndipo tumani munthu akamuone.

Bwanji simutchula dzina lake kapena kuika chithunzi chake?

Amake sanafune. Mnyamata wa zaka 16 amasamala maonekedwe ake, ndipo iye atathothoka tsitsi sankalola kujambulidwa. Mabanja ena amapeza mtendere poona dzina la mwana wawo pa malaya ndi pachikho cha mpira, ndipo palibe cholakwa. Chachikulu n'chakuti avomereze ndi mayi ndi bambo, osati malume kapena komiti. Ndipo ana amene timawathandiza sitiwajambula. Tikiti ya basi si mtengo wogulira nkhope ya mwana wa mwini.

Banja limene mukulithandiza likakana kuti mwana adulidwe mwendo, mumatani?

Apa ndi pamene pamalira anthu. Pa osteosarcoma, chotupa chiyenera kuchotsedwa. Kemo yokha sikwanira, ndipo kuwotcha ndi makina sikugwira bwino pa mtundu umenewu monga kumagwirira pa Ewing. Chikagwidwa msanga, nthawi zina madokotala amatha kuchotsa gawo la fupa n'kupulumutsa mwendo. Chikakula, chimene chimatsala ndi kudula. Kumayiko kumene chithandizo chonse chimapezeka, mwa ana 10 amene matendawa sanafalikire, 6 kapena 7 amachira.

Ife tinakana kwa miyezi iwiri. Agogo ake ankati munthu saikidwa m'manda kawiri, mwendo lero, thupi mawa. Mwiniwake ankati bola kufa kusiyana n'kusiya mpira. Pomwe tinkavomera n'kuti chithunzi cha chifuwa chikuonetsa timadontho. Sindinganene kuti akanachira. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyezi iwiri ija sinabwerere.

Choncho sitikakamiza, ndipo thandizo sitilichotsa. Timangopita kukakhala nawo pamphasa, ine kapena alamu anga, n'kuwauza zimene ndalemba pamwambazi. Tikapeza munthu woyenda ndi mwendo wochita kupanga amene angalole kupita nafe, timamutenga, chifukwa mwana amamvera amene wamuona akukwera njinga ndi mwendo umodzi kuposa nkhalamba ziwiri zolira. Timamulankhulanso mwanayo mwiniwake. Wa zaka 15 kapena 16 si khanda loti akulu azinong'onezana kuseri kwa chitseko.

Anzake akusukulu akufuna kuchitapo kanthu. Tiwalole?

Aloleni. Pamaliro a wachinyamata timasamala makolo, anzake n'kumangoima kumbuyo ndi yunifomu, osadziwa poika manja. Anzake a mwana wathu amakonza mpira kamodzi pachaka, matimu a makalasi, polowa K5 kapena K10, atsikana n'kumagulitsa zitumbuwa ndi mafilizi. Pa nthawi yopuma, namwino amalankhula mphindi khumi za bondo lowawa usiku. Ndalama zake si zambiri, koma ana mazana amapita kwawo atamva. Ngati mukufuna kuyenda ndawala mumsewu, dziwitsani apolisi nthawi ikadalipo, ndipo uthenga mutha kuupereka ku Breeze FM kapena Radio Maria.

Ndimawasimbira za Terry Fox wa ku Canada. Anapezeka ndi osteosarcoma mu 1977 ali ndi zaka 18, n'kudulidwa mwendo wakumanja. Mu 1980 anayamba kuthamanga kudutsa dziko lake ndi mwendo wochita kupanga, kusonkhetsa ndalama za kafukufuku wa khansa. Anathamanga makilomita 5,373 m'masiku 143, mpaka matenda atafika m'mapapo. Anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 22, ndipo mpaka lero anthu amathamanga chaka ndi chaka m'dzina lake. Mnyamata wina atamva anawerengetsa pa bolodi n'kupeza kuti mtundawo ukuposa kupita ku Lusaka kasanu ndi kanayi. Kalasi yonse inangoti zii.

Nthawi yabwino yosonkhetsa ndi iti?

Pa 4 Febuluwale ndi tsiku la khansa padziko lonse, pa 15 Febuluwale ndi la khansa ya ana, ndipo Seputembala ndi mwezi wa kansalu kagolide kokumbutsa za khansa ya ana. Masiku amenewa ndi abwino polankhula pawailesi. Koma wopempha ndalama kuno mu Febuluwale ndiye kuti sadziwa kwawo. Nkhokwe zili mbee, ndipo kangachepe kamene kalipo kakupita ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala. Sonkhetsani kuyambira Juni mpaka Ogasiti, anthu atagulitsa soya, nshawa ndi chimanga, n'kusunga zina za miyezi ya mvula, chifukwa m'pamene maulendo a kuchipatala amaphonyeka kwambiri.

Ngati madokotala anena kuti mwana sachira, thandizo lanu limathera pomwepo?

Ayi. Poyamba ena m'komiti ankati ndalama zipite kwa amene ali ndi mwayi. Amene anaonapo ululu wa khansa ya m'mafupa m'miyezi yomaliza sangavomere zimenezo. Pali mankhwala opha ululu amphamvu, monga morphine wakumwa, ndipo dokotala akawalemba n'kumaperekedwa pa nthawi yake, mwana amagona, amadya pang'ono, amacheza. Makolo ambiri amawaopa, amati ndi omalizitsa munthu. Si choncho. Mwana wathu anaonera mpira pa TV ndi anzake kutatsala masiku anayi, akukangana za penate.

Pamenepa timalipira ulendo wobwerera kwawo mwana akadali ndi mphamvu, chifukwa kunyamula maliro kuchoka ku Lusaka kumasaukitsa banja zaka. Timalipira wanjinga yamoto wokatenga mankhwala kuchipatala, matiresi, mapepala apulasitiki oyala pabedi, magolovesi ndi sopo.

Kodi amake mwanayo zimenezi zimawatonthoza?

Ndimafunsidwa kawirikawiri, makamaka ndi azimayi amene nawonso anaika mwana. Mlongo wanga kumisonkhano ya kathumbaka sabwera. Kumpira wa chaka ndi chaka anafikako kamodzi, anaona jezi nambala 9 itavalidwa ndi mwana wina, n'kubwerera pageti. Buku la ndalama sanalitsegulepo.

Koma tikamuuza kuti mawa kuli mayi akunyamuka ndi mwana pa basi ya 4 koloko, amadzuka usiku, amakazinga nshawa, amaphika mbatata, amamanga m'chitenje. Kusiteshoni amamukokera mayi uja pambali, n'kumamuuza za mpando woti asankhe, za pamene basi imaima pa Luangwa, zoti asaiwale kapu ndi supuni, ndi zoti mwana akayamba kusanza tsiku lachiwiri la kemo asachite mantha. Basi ikanyamuka amandiuza kuti, "Achimwene, tiyeni," n'kukwera pakaliyala.